Galu wopindika mwendo ayenera opaleshoni, koma tiyambe tawerengera

Aliyense amene amayenda pamsewu wochokera ku Limbe kupita ku Zomba, kudutsa pa Njuli, pa Mbulumbuzi mpaka pa Namadzi, anamuonapo galu woyenda ndi miyendo itatu, wachinayi ataunyamula m'mwamba. Agalu ena mwendo wakutsogolo umachita kukhota ngati uta, phazi n'kumaloza kunja. Ambirife timangoti "ameneyu anagundidwa," basi ulendo n'kupitirira.

Ochepa mwa agalu amenewa amachita mwayi. Ku Blantyre kuli bungwe la Blantyre SPCA, ndipo ku Lilongwe kuli LSPCA yomwe inayamba mu 2008. Mabungwewa amatola nyama zovulala ndi zotayidwa, kuzipatsa chithandizo, kenako kuzisunga mpaka patapezeka banja lofuna kuzitenga. Vuto limatulukira pomwepo. Munthu wofuna galu akafika, maso ake amathamangira pa galu wodumphadumpha, wotsimphina uja n'kutsala. Ndiye madokotala a ziweto amakumana ndi funso lovuta: kodi galu wopanda mwini ngati ameneyu timuchite opaleshoni yowongola mwendo?

Funsoli limapsetsa mtima anthu ambiri, ndipo ndikudziwa chifukwa chake. Komabe ine yankho langa ndi lakuti inde, achitidwe. Achitidwe ngati mwendowo ukumupweteka kapena uyamba kumupweteka posachedwa, ndiponso ngati pali munthu woti amusamale bala likamapola. Sindikunena izi chifukwa cha chifundo chokha. Ndine mphunzitsi wa physics, ndipo mwendo wopindika ndi nkhani ya mphamvu, mtunda ndi nthawi. Anyamata ndi atsikana, tengani pensulo tiwerengere limodzi, kenako muweruze nokha.

Galu sali ngati tebulo

Tiyerekeze kuti tili ndi galu wa makilogalamu 15, msinkhu wa agalu ambiri a m'midzi mwathu muno. Monga timachitira m'kalasi, kilogalamu imodzi dziko limaikoka ndi mphamvu ya 10 N. Ndiye kuti galu wathu akulemera 150 N.

Akanakhala tebulo, tikanagawa 150 N pa miyendo inayi mofanana. Koma galu ali ndi mutu ndi khosi zolendewera kutsogolo, komanso chifuwa chachikulu. Chifukwa cha zimenezi centre of gravity yake ili pafupi ndi miyendo yakutsogolo, cha kumbuyo pang'ono kwa mapewa. Galu akaima, miyendo yakutsogolo imasenza pafupifupi 60 peresenti ya kulemera kwake, yakumbuyo 40 peresenti. Kwa galu wathu ndiye kuti kutsogolo kuli 90 N, mwendo uliwonse 45 N. Kumbuyo kuli 60 N, mwendo uliwonse 30 N.

Kumeneko n'kuima chabe. Akayamba kuthamanga, miyendo sikhala pansi yonse nthawi imodzi, ndipo thupi limachita kugwera pa mwendo umene wafika pansiwo. Pa kamphindi kameneko mwendo umodzi wakutsogolo umatha kulandira mphamvu yofanana ndi kulemera kwa galu yense, 150 N. Sungani manambala awiriwa, 45 N ndi 150 N, tiwafunanso.

Mwaona kale kuti kuvulala mwendo wakutsogolo n'kovuta kuposa wakumbuyo. Ndipo mwatsoka, kwa ana agalu mwendo umene umakonda kupindika ndi wakutsogolo womwewo.

Mwendo umapindika bwanji?

Gwirani mkono wanu pakati pa chigongono ndi dzanja. Muli mafupa awiri ogona moyandikana, radius ndi ulna. Galu nayenso ali nawo pa mwendo wakutsogolo. Mafupa awiriwa ndi omangirizana, ndiye ayenera kukula pa liwiro limodzi.

Fupa la mwana silitalika paliponse ayi. Limatalikira pa tizigawo tofewa cha kumapeto kwake, totchedwa growth plate. Pamenepo maselo amagawikana n'kupanga cartilage, kanthu kolimba pang'ono ngati kamene mukumva mukapinda khutu lanu, ndipo kenako cartilage ija imasanduka fupa. Kwa agalu ambiri tizigawoti timatsekeka galu akamayandikira chaka chimodzi, ndipo kutalika kumathera pomwepo.

Tsono ulna ya galu ili ndi chilema chake chobadwa nacho. Growth plate yake ya cha kuphazi si yophwatalala ngati zinzake, koma yosongoka ngati fanulo, ndipo pafupifupi 85 peresenti ya kutalika kwa fupa lonselo imachokera pamenepo. Growth plate yophwatalala ikamenyedwa cha m'mbali imatha kungotsetsereka. Yosongoka siingatsetsereke, imaphwanyika. Mwala umodzi, tayala la njinga ya kabaza, kapena kugwa kuchokera m'manja mwa mwana, n'zokwanira kupha maselo aja. Kagalu kamalira tsiku limodzi, mawa lake kayamba kusewera, aliyense n'kuiwala. Koma mkatimo ulna yasiya kukula, pamene radius ikupitiriza.

Apa kumbukirani bimetallic strip ija tinaiphunzira pa mutu wa kufutukuka kwa zinthu zikatenthedwa. Zitsulo ziwiri zomatikizana, brass ndi iron. Mukaziotcha, brass imatalika kwambiri kuposa iron, koma popeza sizingasiyane, chinthu chonsecho chimapindika. Mwendo wa kagalu kaja ukuchita zomwezo. Radius ikutalika, ulna yaima ngati chingwe cha uta, ndiye radius imakhota kutsogolo, phazi n'kutembenukira kunja. Kusiyana kwake n'kwakuti bimetallic strip imapindika m'masekondi ochepa, pamene mwendo umatenga milungu ingapo. N'chifukwa chake eni ake sagwirizanitsa mwala wa mwezi watha ndi mwendo wa lero. Ena amayamba kunena za ufiti.

Njira ina yofala ndi fupa lothyoka limene linapola lokha lili lopotoka. Fupa silidikira dokotala. Mapisi awiri akakhudzana, thupi limawalumikiza momwe alilimo, kaya aongoka kaya ayi.

Masentimita atatu okha

Wina anganene kuti, "Aphunzitsi, nanga si akuyendabe? Mwendo wokhota pang'ono uli ndi vuto lanji?" Yankho lili mu moment.

Fupa ndi lolimba kwambiri mukalikanikiza molunjika kutalika kwake, koma ndi lofooka mukalipinda. Yesani ndi phesi la chimanga louma. Liimikeni chilili n'kulikanikiza kuchokera pamwamba, lipirira. Lipendekeni pang'ono n'kukanikiza ndi mphamvu yomweyo, lithyoka. Mwendo wowongoka umachititsa kuti mphamvu yochokera pansi idutse pafupi ndi pakati pa mafupa ndi pakati pa mfundo. Mwendo ukakhota, mzere wa mphamvu umapatuka.

Tiyerekeze kuti phazi la galu wathu lapatuka ndi masentimita atatu kuchoka pamzere wake. Moment ndi mphamvu kuchulukitsa ndi mtunda wopingasa. Akaima, 45 N kuchulukitsa ndi 0.03 m ikutipatsa 1.35 N m. Akathamanga, 150 N kuchulukitsa ndi 0.03 m ikutipatsa 4.5 N m. Kuti mumve kukula kwake, 4.5 N m ndi ngati kupachika paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi kumapeto kwa ndodo ya masentimita 45, inu mutagwira mbali inayo ndi zala. Kupotokola kumeneko kukugwera pa kamfundo kakang'ono ka phazi la galu, mobwerezabwereza, tsiku lililonse.

Pressure nayo imalowererapo. Pressure ndi mphamvu kugawa ndi area. Mu mfundo yabwino, mafupa amakhudzana pa malo onse oterera. Mu mfundo yopendekeka, mbali imodzi yokha ndiyo imasenza. Area ikachepa ndi theka, pressure imawirikiza kawiri. Onani nsapato ya munthu woyenda mopendekera, chidendene chimatha mbali imodzi. Cartilage ya mu mfundo imaperepesekanso chimodzimodzi, ndipo ikatha simeranso bwinobwino. Mafupa amayamba kukhulana okhaokha, ndiye nyamakazi imeneyo. Nayo ulna yaifupi ija imakoka chigongono kuti chisakhale m'malo mwake, ululu n'kufalikira kumtunda.

Choncho mwendo wopindika si vuto loima pamodzi. Kukhota kukakula, mtunda uja umakula, moment imakula, kuwonongeka n'kufulumira. Galu amene akudikira banja miyezi isanu ndi umodzi sakungodikira, mfundo zake zikutha. Apa ndi pamene pali mtima wa mfundo yanga: kusachita kanthu nakonso ndi chisankho, ndipo amene amalipira ndi galuyo.

Dokotala amachita chiyani kwenikweni?

Choyamba ndi kujambula. Wilhelm Röntgen anatulukira X-ray mu 1895. Kuwala kumeneku kumadutsa mnofu mosavuta, koma calcium ya m'mafupa imakumeza kwambiri, ndiye fupa limaoneka loyera pachithunzi. Dokotala amajambula mwendo wodwala ndi wabwino womwe, kutsogolo ndi cha m'mbali. Kenako amatenga rula ndi protractor, kapena kompyuta yochita zomwezo, n'kujambula mizere iwiri yotsata mbali zowongoka za fupa. Pamene mizereyo yakumana ndi pamene pali likulu la kukhotako, ndipo ngodya yake ndi imene iyenera kuchotsedwa. Eetu, geometry ya Fomu 2 yomweyo.

Ngati galu akadali wamng'ono ndipo radius ikukulabe, opaleshoni ndi yophweka. Dokotala amadula kachigawo ka ulna n'kukachotsa. Chingwe cha uta chaduka, radius yamasuka, ndipo imatha kudziwongola pang'onopang'ono ikamakula. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, ndipo apa mawuwa ndi sayansi yeniyeni.

Ngati galu wakula kale, fupa silingadziwongole. Pamenepo galu amagonetsedwa ndi mankhwala, dokotala n'kudula radius dala, kuchotsa kachidutswa kooneka ngati mphero, kulumikiza mbali ziwirizo zitaongoka, kenako kuzimanga. Kumangako kuli njira ziwiri zodziwika. Ina ndi kachitsulo kophwatalala komangidwa pafupa ndi masikuluu, kamene kamatsalira mkati. Ina ndi chimango chakunja: tizitsulo timabowola khungu ndi fupa n'kutulukira kunja, kumene timamangidwa ku ndodo kapena ku mikombero yachitsulo. Dokotala wa ku Kurgan ku Siberia, Gavriil Ilizarov, anakonza chimango cha mikombero m'zaka za m'ma 1950, chokhala ndi mawaya okungika ngati masipoko a njinga. Iye anaonetsa kuti mukadula fupa n'kumalitalikitsa pafupifupi milimita imodzi patsiku, thupi limadzaza mpatawo ndi fupa latsopano. Mwendo umene unafupika ndi masentimita awiri ungabwezeretsedwe m'masiku pafupifupi 20 okoka, kenako n'kudikira kuti fupa latsopanolo likhwime.

Chitsulo sichipoletsa fupa. Ntchito yake ndi kugwira mapisi kuti asagwedere pamene thupi likudzimanga lokha. Ndipo pali chodabwitsa china. Mu 1892 dokotala wa ku Germany, Julius Wolff, anafotokoza kuti fupa limadzikonza molingana ndi katundu amene likusenza. Likasenza limakhwima, likapuma kwambiri limaonda. Chitsulo cha stainless steel ndi chouma kuposa fupa pafupifupi kakhumi. Kachitsulo kakakhala kakakulu mopyola, kamasenza katundu yense, fupa lapansi pake n'kuyamba ulesi. Kakakhala kakang'ono, kamapindikapindika pa sitepe iliyonse mpaka kuduka, monga waya amadukira mukamamupinda uku ndi uku. Dokotala wa mafupa ndi injiniya wogwira ntchito pa mlatho umene uli ndi moyo.

"Anthu akusowa mankhwala, inu mukuti galu?"

Funso ili silofunika kulizemba. Tonse tinamuonapo m'bale wathu akubwerera kuchipatala ndi kapepala koti akagule mankhwala kwina. Munthu wotero akamva kuti galu waikidwa chitsulo m'mwendo, kukwiya kwake n'komveka. Ndili ndi mayankho atatu.

Loyamba ndi la thumba. Mabungwe osamalira nyama aja si maofesi a boma. Amayendera ndalama za anthu akufuna kwabwino amene anapereka dala kuti zithandize nyama, komanso zimene eni ziweto amalipira pa chithandizo. Galu akapanda kuchitidwa opaleshoni, ndalamayo sisanduka mankhwala a malungo. Kukana kuthandiza galu sikuchiritsa munthu aliyense.

Lachiwiri ndi la mbiri. Luso lokonza mafupa a anthu ndi la agalu linakulira limodzi. M'zaka za m'ma 1930 dokotala wa ziweto wa ku America, Otto Stader, anapanga chimango chakunja chogwirira mafupa a agalu, chifukwa agalu ankatafuna ndi kuipitsa chikhakha. Madokotala a anthu ataona mmene chikugwirira ntchito anachitenga, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse asilikali apamadzi a ku America anathandizidwa nacho. Ku Kiel ku Germany, Gerhard Küntscher anayamba wayesa pa agalu njira yolowetsa msomali wautali mkati mwa fupa, asanaigwiritse ntchito pa munthu mu 1939. Lero wokwera njinga yamoto akathyoka ntchafu, msomali wa mtundu umenewo ndi umene umamudzutsa pabedi. Ngongole imeneyi tili nayo kwa agalu.

Lachitatu ndi la chiwewe, ndipo limatikhudza kwambiri kuno kwathu. Bungwe la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse. Pafupifupi onsewo amachitenga kwa agalu, ndipo anayi mwa khumi alionse ndi ana osakwana zaka 15. Njira yodalirika yotetezera anthu ndi kubaya katemera agalu osachepera 70 peresenti m'dera. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi boma, linabaya agalu opitirira 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20, ndipo m'zaka zotsatira ntchitoyi inafika ku Zomba ndi kuno ku Chiradzulu. Ena a inu munanyamulapo galu wa kwanu kupita naye kumalo obayira.

Tsono taganizani. Galu wobayidwa ali ngati mpata wolimidwa poteteza moto wolusa, matenda akafika pa iye amaima. Koma agalu akamafa msanga n'kumalowedwa m'malo ndi ana osabayidwa, 70 peresenti ija imatsika chaka chisanathe. Galu amene ali ndi mwini, wobayidwa, wofulidwa kapena wotsekedwa kuti asaswe, amene akhale zaka zambiri pakhomo limodzi, ndi chitetezo cha ana a pakhomopo ndi a kwa aneba. Ngati mwendo ndiwo ukumulepheretsa kupeza khomo, kuuwongola ndi mbali ya ntchito yomweyo.

Komabe ndinene mosapsatira. Ndalama ya opaleshoni imodzi yovuta ingabayitse agalu ambirimbiri. Zikanakhala kuti thumba ndi limodzi ndipo tiyenera kusankha chimodzi, ine ndikanasankha katemera osaphethira n'komwe, chifukwa pamenepo pali moyo wa ana. Opaleshoni ibwere pambuyo pa katemera, isalande malo ake.

Si mwendo uliwonse wofunika mpeni

Pali malire ena amene ndikufuna muwamvetse, chifukwa chifundo chopanda masamu nacho chimazunza.

Ngati kukhotako n'kochepa, galu wakula kale, akuthamanga bwino ndipo sakumva ululu, asiyidwe. Kudula fupa kuti galu aoneke bwino pachithunzi cha pa Facebook, kuti apeze banja msanga, n'kulakwa. Opaleshoni ili ndi zoopsa zake. Mankhwala ogonetsa amatha kupha, bala limatha kulowa majeremusi, chitsulo chimatha kuduka. Zoopsa zimenezi n'zoyenera kuzilowa pothana ndi ululu, osati pokonza maonekedwe.

Ngati mfundo zinatha kale, kapena mitsempha inaduka moti phazi likungokhwekhwereka pansi n'kumachita zilonda, kuwongola fupa sikuthandiza. Pamenepo nthawi zambiri njira yachifundo ndi kudula mwendowo. Anthu amanyansidwa akamva zimenezi, koma physics ili kumbali ya galu. Mphika umakhazikika bwinobwino pa mafuwa atatu, malinga kulemera kwake kukugwera mkati mwa mafuwawo. Galu wa miyendo itatu amasendeza mwendo wotsalawo cha pakati n'kusuntha thupi mpaka centre of gravity igwere mkati mwa triangle ya mapazi atatu. Agalu ambiri amazolowera m'milungu yochepa, makamaka opepuka thupi ngati athuwa. Opaleshoni yake sifuna zitsulo, imapola msanga, ndipo ululu umatha. Mwendo wopanda ntchito koma wopweteka ndi katundu chabe. Chofunika n'chakuti galu wotero asanenepe kwambiri, chifukwa kilogalamu iliyonse yowonjezera ndi 10 N ina pa miyendo imene ikusenza kale mopyola.

Ndiye muyeso wanga ndi uwu: funso lisakhale lakuti "mwendo ukhala wokongola?" koma lakuti "chaka chamawa galuyu adzakhala akumva ululu wochuluka bwanji?" Njira imene ikupereka yankho laling'ono pa mtengo umene ulipo, imeneyo ndiye yoyenera.

Theka la ntchito lili kunyumba

Opaleshoni imatha m'maola ochepa, koma fupa la galu wamkulu limatenga miyezi iwiri kapena itatu kuti lilumikizane bwino. Mwana wa galu amapola msanga kuposa pamenepo. Nthawi yonseyi galu sayenera kudumpha kapena kuthamangitsa nkhuku. Kumbukirani manambala athu aja. Kuima ndi 45 N, kuthamanga ndi 150 N, kuposa katatu. Chitsulo chimene chingapirire kuyenda pang'onopang'ono kwa milungu khumi chingapindike pa kudumpha kumodzi. Komanso galu asamangogona osaponda n'komwe, chifukwa lamulo la Wolff lija likufuna kuti fupa lisenze kakatundu kochepa kuti likhwime. Pakufunika munthu womuyendetsa pa chingwe mphindi zochepa tsiku lililonse, kutsuka pamene tizitsulo tatulukira, ndi kubwerera naye kwa dokotala kuti akajambulidwenso.

Ichi n'chifukwa chake ndinati opaleshoni ichitike pokhapokha pali womusamala. Walira mvula walira matope. Banja lotenga galu wotere lidziwe kuti likutenga ntchito ya miyezi itatu, koma pambuyo pake likhala ndi mlonda wa zaka zambiri. Ndipo kwa amene akufuna galu, pempho langa ndi lakuti musamudumphe wa chipsera pamwendo kapena wa miyendo itatu. Kuuwa amauwa chimodzimodzi.

Mbali yanu

Inu simungachite opaleshoni, koma mwendo wotchipa kuukonza ndi umene sunapindike. Pamenepo ndiye muli ndi mphamvu zambiri kuposa dokotala.

Lekani kugenda agalu, ndipo muwaletse ang'ono anu. Mwala wa legeni ndi wopepuka, koma kinetic energy imakula ndi square ya liwiro, ndipo yonseyo imathera pa kamalo kakang'ono. Pa kagalu ka miyezi inayi, kamalo kameneko kangakhale growth plate ija. Dziwaninso kuti dziko lathu lili ndi lamulo lotchedwa Protection of Animals Act, limene limaletsa kuzunza nyama.

Kagalu ka kwanu kakavulala mwendo, muziyerekeza miyendo iwiriyo mlungu uliwonse kwa miyezi iwiri, ngakhale kaoneke kuti kachira. Ikani rula, jambulani ndi foni. Mukaona phazi likuyamba kuloza kunja, uzani makolo apite kwa alangizi a ziweto msanga, chifukwa opaleshoni yophweka ija imatheka pokhapokha radius ikukulabe.

Musamange mwendo wothyoka ndi timitengo ndi mphira yokungitsa n'kuusiya. Pressure ya mphira ikaposa ya magazi, magazi sadutsa, phazi limafa m'maola ochepa. Musamupatsenso galu mankhwala a anthu opha ululu. Ibuprofen imawononga m'mimba ndi impso za galu, ndipo paracetamol imapha mphaka.

Chachikulu kuposa zonse, galu wovulala amene simukumudziwa musamugwire. Ululu umalumitsa ngakhale galu wofatsa, ndipo galu woyenda modzandira kapena wokhwekhwereza miyendo yakumbuyo angakhale ndi chiwewe, osati fupa lothyoka. Itanani munthu wamkulu, adziwitse a zaziweto. Mukalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro sichichizika.

Dziko lathu lili ndi madokotala a ziweto ochepa kwambiri, ndipo odziwa bwino za mafupa ndi ochepetsetsa. Koma khomo lilipo. Kuno kwathu ku Mikolongwe kuli sukulu yophunzitsa za umoyo wa ziweto, ndipo LUANAR ku Bunda imaphunzitsa madokotala a ziweto. Amene adzawongole miyendo imeneyi zaka khumi zikubwerazi ali m'kalasi lero, mwina akudandaula kuti moment ndi yovuta.

Ndikusiyireni ntchito. Galu wa makilogalamu 20 ali ndi phazi lakutsogolo lopatuka ndi masentimita anayi. Pezani moment pa mfundo ya phazilo akaima, ndiponso akathamanga. Kenako yerekezani kuti dokotala wachepetsa kupatukako kufika pa sentimita imodzi, n'kuwerengeranso. Mukapeza mayankho anayiwo, muwaike pamodzi, ndipo mukakambirane ndi anzanu ngati opaleshoniyo inali yoyenera.